Funsani Akatswiri: Kukagona ku Hotelo Yapamwamba ku Likoma

Funso: Ine ndi akazi anga tikufuna kukakondwerera zaka 10 m'banja ku hotelo yapamwamba ya ku Likoma, ija yoti aliyense amakhala m'nyumba yakeyake m'mphepete mwa nyanja. Tikonzekere bwanji?

Yankho: Bambo, yambani ndi kufunsa ngati mtengo akutchulawo ndi wa munthu mmodzi pa usiku kapena wa nyumba yonse. Ambiri amagwa mphwayi pamenepa. Mitengo imakhala m'madola, koma malo ambiri amatsitsira anthu okhala m'dziko muno. Funsani musanalipire dipoziti, ndipo chiphaso chaunzika musachisiye. Akuuzeninso polemba ngati zakumwa, bwato ndi galimoto yokutengani pabwalo la ndege zili momwemo.

Za nyengo ndiye musazipepuse. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera umawomba, nyanja imakalipa, ndipo sitima ya Ilala ikhoza kuchedwa maola ambiri. Seputembala ndi Okutobala madzi amadekha, tinsomba tokongola ta mbuna mumationa bwinobwino, kungoti kutentha kwake si masewera.

Posambira pewani m'mabango, muja mumakhala nkhono za likodzo. Mukabwerako dikirani milungu 6 mpaka 8 musanakayezetse ndi kulandira mankhwala, chifukwa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel sapha bwino tizilombo tisanakule.