Jakisoni uja sanandiletse magazi ine

Achemwali, zoti mng'ono wanu wabayidwa jakisoni woletsa magazi kawiri koma magazi akumusi sakusiya, ndawerenga mtima uli phaphapha. Zinandichitikira ine mu 2021 kuno ku Salima.

Zinayamba usiku, zimagazi zoundana ngati chiwindi cha mbuzi. Bambo a ana anandikweza pa kabaza, chitenje chachitatu chitanyowa kale, magazi akudonthera pa masipoko. Kufika kuchipatala, nesi osandiyang'ana n'komwe kumusiku, amvekere: "Mayi, nenani zoona, mwachotsa mimba." Mimba yake iti? Mwana wanga womaliza anali sitandade 2! Anandibaya oxytocin pa ntchafu, kenako timapilitsi ta misoprostol pansi pa lilime. Ndinayamba kunjenjemera, mano gwegwegwe ndi kutentha konse kuja kwa Okutobala, m'mimba kupota ngati matenda a mwana ayamba, koma magazi osasiya ayi. Ndinagona pa matiresi a pulasitiki aja magazi atafika kumsana, tsitsi lomwe kunyowa. Ndikaitana akuti, "Mankhwala takupatsani, mukufunanso chiyani?" Apongozi panja ali kalikiliki kuuza anthu kuti ndinali ndi chibwenzi. Mpaka lero sanandipepese, koma nsima yanga amadya.

M'mawa kunabwera dokotala wachinyamata, ine ndili kukuwa kuti andione kaye. Analowetsa chitsulo chija chonga mlomo wa bakha, n'kungoti duu. Chotupa pakhomo la chiberekero, chongokhudza n'kutuluka magazi. Ndiye amene anandimasulira: mankhwala aja ntchito yake ndi kukungitsa mnofu wa chiberekero kuti ufinye mitsempha ya magazi, monga zimakhalira mayi akangochira. Oxytocin amagwira mwamphamvu mimba ikakhwima, pa chiberekero chopanda mimba amangonyengerera. Komanso khomolo lili ndi mnofu wochepa, ndipo timitsempha ta chotupa ndi tofooka, palibe choti chitifinye. Chiberekero changa chinkakunga kumwamba, magazi akuchokera kumusi. Anandiika goozi, kansalu ka pa mabala kaja, wothina, anandipatsa magazi, n'kunditumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Anadulako kachidutswa, zotsatira n'kubwera khansa. Chiberekero anachotsa, ndili moyo.

Sindikuti mng'ono wanu ali ndi khansa ayi. Jakisoniyo asakane, ngati ndi mimba yopita padera kapena wangochira kumene, ndi yemweyo wopulumutsa. Ndipo musakangane ndi manesi, amakhala atatopa, alankhuleni mwaulemu. Koma musachoke pakhomo pa wadiyo mpaka wina amuone ndi chitsulo chija, olo akutukwaneni. Akapeza bwino akayezetse khomo la chiberekero, kuyeza kuja kopaka viniga pakhomopo poona zizindikiro za khansa, ndi kwaulere ku chipatala cha boma, makamaka ngati amamwa ma ARV. Ine ndinkazemba chaka ndi chaka, manyazi. Pitani ndi zitenje zambiri, ndiponso wachibale amene angapereke magazi.