Alendo 30 pa Khrisimasi, khitchini yothina ndi mbaula imodzi: ndiyambire pati?

Funso

Zikomo azakhali. Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala m'nyumba ya lendi pa boma la Kasungu. Chaka chino abale a amuna anga a ku Nkhamenya, kuphatikizapo apongozi anga onse awiri, agwirizana ndi abale anga a ku Santhe kuti adzadyere Khrisimasi kwathu, ndipo nditawerenga ndapeza kuti tidzakhala anthu 30, akuluakulu 18 ndi ana 12. Khitchini yanga ndi yaing'ono moti anthu awiri sangagwiremo ntchito osagundana. Ndili ndi mbaula imodzi ya makala, hotipuleti ya malo awiri ndi firiji yaing'ono, koma magetsi kwathu kuno amatha kuzima nthawi ina iliyonse. Mtima wanga ukufuna kuti ndidzaphike mpunga, nsima, nkhuku, nyama ya mbuzi, nyemba, masamba, tchipisi, supageti, saladi, mandasi, keke ndi thobwa, komanso sindikufuna kujomba kutchalitchi, kumene mapemphero amayamba 8 koloko n'kutha cha m'ma 10 koloko. Chaka chatha tinali kwa alamu anga ndipo chakudya chinapsa 4 koloko madzulo, ana atalira n'kugona ndi njala. Ndichite bwanji kuti ife tidzadye 1 koloko popanda kuchita manyazi pamaso pa apongozi?

Mayi wodandaula, Kasungu

Yankho

Zikomo mayi chifukwa cholemba nthawi idakalipo. Ndikuona kuti maso anu ali pa kuchepa kwa khitchini, koma chimene chingadzakuchedwetseni kwenikweni ndi kuchuluka kwa miphika imene yonse ikufuna moto pa nthawi imodzi, pamene malo oterekapo amene mungawadalire ndi amodzi okha. Hotipuleti musaiwerengere n'komwe. Magetsi akadzakhalapo idzakuthandizani kufunditsa madzi ndi kuwiritsa tiyi wa alendo ofika mmawa, koma mukaiikira mphika wa mpunga m'dongosolo lanu, n'kuzima 11 koloko, tsiku lonse lasokonekera. Choncho ntchito yanu yoyamba ndi kuchulukitsa moto. Bwerekani mbaula yachiwiri kwa mnzanu amene akupita kumudzi pa tchuthi, ndipo kuseri kwa nyumba ikani mafuwa pa malo awiri, mutapempha kaye kwa eni nyumba. Popeza kumapeto kwa Disembala mvula kuno ku Kasungu imakhala itayamba kale, mangani lona pamwamba, mokweza bwino kuti moto usalifike, ndipo nkhuni muzisonkhanitse sabata imodzi tsikulo lisanafike n'kuziunjika pakhonde kuti ziume, chifukwa nkhuni zonyowa zimadya ola lathunthu mukungopemerera utsi. Khitchini yanuyo idzakhale yosungiramo mbale, yoduliramo zamasamba ndi yogawiramo chakudya basi. Mvula ikadzagwa, chonde musadzalowetse mbaula m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mawindo, pakuti makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umakomola ndiponso kupha. Pakhonde podutsa mphepo ndi pokwanira.

Tsopano ndikupempheni chinthu chimene mwina chikupwetekani mtima. Mndandanda wanuwo wachuluka, ndipo akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tchipisi ya anthu 30 imagwira mbaula imodzi kwa maola oposa awiri, imamwa mafuta ambiri, imafuna munthu woima pomwepo osachoka, ndipo yoyamba kupsa imakhala italefuka kale pamene yomaliza ikuphulidwa. Ichotseni, ndipo ngati ana akufuna mbatata ya kachewere, isendeni n'kuiponya mu msuzi wa nyama ya mbuzi kumapeto, ipsere momwemo. Supageti nayenso achoke, pakuti pali kale mpunga ndi nsima. Keke mugule kapena mupemphe mmodzi mwa abale anu kuti abwere nayo, popeza mulibe uvuni. Nsima yokha musaichotse ngakhale ena atakuuzani kuti pa Khrisimasi timadya mpunga, chifukwa apongozi anu ndi akuluakulu ena akapanda kutema mbamu adzanyamuka akumva ngati sanadye.

Zogula zosaonongeka mugule sabata yomweyo ya nkhuni, msika usanadzaze. Mwa kuona kwanga, anthu 30 amene akudyanso nsima amakwana ndi mpunga wa makilogalamu 4, koma gulani 5 chifukwa pa Khrisimasi sipalephera kufika mlendo amene simunamuwerenge. Ngati thumba likulola, Kilombero wa ku Karonga ndi amene fungo lake limauza aliyense kuti pakhomo pali chikondwerero. Nkhuku zachikuda zinayi, nyama ya mbuzi makilogalamu 4, nyemba kilogalamu imodzi ndi theka ndi ufa woyera makilogalamu 4 zikwanira. Kuchigayo mupite msanga, osadikira pa 24 pamene mzere umakhala wautali ndipo magetsi akazima mumabwerako ndi mphale yanu. Tomato amakwera mtengo nyengo ya mvula, koma masamba ndi ambiri, ndipo nkhwani wanthete, bonongwe kapena chisoso zotendera ndi nsinjiro sizichititsa manyazi patebulo lililonse. Masefuliya aakulu awiri ndi zosungiramo chakudya chotentha mubwerekeretu kwa amayi anzanu a kumpingo, amene amakhala nazo chifukwa cha maukwati ndi zinkhoswe.

Dongosolo la nthawi muliyambire ku 1 koloko mukubwerera m'mbuyo, ndipo pa chakudya chilichonse mudzifunse kuti kodi ichi chingadikire kapena ayi. Nsima sidikira, choncho ndi yomaliza. Mpunga umadikira ola limodzi ngati wavundikiridwa bwino. Nyama ndi nyemba zimakoma kwambiri zikakhalitsa mu msuzi wake, bola zikhale zotentha. Thobwa ndi mandasi zimadikira tsiku lonse. Mukaganiza motere mudzaona kuti ntchito yochuluka si ya pa 25 ayi.

Thobwa, limene alendo anu a ku Nkhamenya mwina amalitcha chindongwa, muyambe pa 23: phikani phala la mgaiwa, lizizire mpaka lifunde chabe, thirani chimera n'kuvundikira, kenako mmawa wa pa 24 muliwiritsenso bwinobwino n'kulithira m'ndowa yoyera yokhala ndi chivundikiro. Pa 24 pomwepo masana kazingani mandasi, sankhani ndi kupeta mpunga, sinjani nsinjiro, sendani anyezi, ndipo mutunge madzi odzaza ziwiya zonse zimene muli nazo, chifukwa anthu 30 osamba m'manja ndi mbale zawo zotsuka amatha madzi ambiri kuposa mmene mukuganizira. Madzulo viikani nyemba m'madzi kuti zigone momwemo. Nyemba zoviika zimapsa msanga ndipo zimapulumutsa nkhuni.

Nyama ya mbuzi ndi imene ndikufuna muisamalire kwambiri. Igulidwe pa 24 masana, ndipo madzulo omwewo muiwiritse ndi mchere mpaka ifewe. Mukaphula musaisiye mu sefuliya yaikulu kuti izizire yokha usiku wonse, pakuti mphika waukulu umasunga kufunda pakati pake kwa maola ambiri, ndipo kufunda koteroko ndi kumene tizilombo timaswanamo. Igaweni m'mabeseni aang'ono osazama, muwakhazike m'madzi ozizira kuti kutentha kuchoke msanga, n'kulowetsa m'firiji pasanathe maola awiri. Kuti malo apezeke, zakumwa zonse zituluke m'firijimo n'kukagona m'ndowa ya madzi pamthunzi, ndipo ana muwauze kuti chitseko cha firiji sichitsegulidwa mpaka mmawa, chifukwa firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi anayi ngakhale magetsi atazima. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo chizisungidwa chotentha kuposa madigiri 60 kapena chozizira osafika madigiri 5. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, koma tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo nyengo ya mvula ndi imene matenda otsegula m'mimba amafala. Madzi akumwa ndi otsukira saladi akhale owiritsa kapena othira mankhwala a kolorini, ndipo posamba m'manja muzithirirana ndi sopo, osati kusambira m'beseni imodzi.

Pa 25 moto uyake 5 koloko mbandakucha. Abambo a m'nyumba ndi anyamata azinge nkhuku, kusosola ndi kutumbula panja, pamene inu mwatereka nyemba pa mafuwa. Nyembazo ziwire mwamphamvu kwa mphindi 30, kenako muziphule zili chiwirire, mukulunge mphikawo ndi chitenje, n'kuuika m'dengu limene mwayalamo bulangete lakale pansi, m'mbali ndi pamwamba. Mmenemo zidzapitiriza kupsa zokha popanda moto ndiponso popanda kupserera, bola wina asatsegule kuti asuzumire, ndipo mafuwa aja adzakhala atamasuka kuti alandire nkhuku. Nkhuku yachikuda imafuna ola limodzi ndi theka kapena awiri kuti ifewe, choncho ikaterekedwa 6 koloko, pofika nthawi yoti musambe kupita kutchalitchi idzakhala itatsala pang'ono. Musiye munthu wamkulu mmodzi pakhomo, kaya ndi mlamu wanu kapena mng'ono wanu amene anapemphera usiku wa pa 24, kuti amalize nkhuku, aikazinge n'kuisiya pa moto wochepa. Mwana musamusiyire moto unayi.

Mukabwerako cha m'ma hafu pasiti 10, moto wonse unayi ugwire ntchito. Pa mbaula imodzi kazingani nyama ya mbuzi ija ndi anyezi ndi tomato, n'kuilola iwire bwino pamodzi ndi kachewere. Pa mbaula inayo tulutsani nyemba m'dengu, muzithire zokometsera ndipo ziwirenso mpaka zibwate. Pa mafuwa terekani mpunga pofika 11 koloko, ndipo apa ndikulangizeni kuti muugawe m'masefuliya awiri, chifukwa mpunga wa makilogalamu 5 mumphika umodzi umapserera pansi, pakati n'kukhala phala, pamwamba uli wosapsa. Madzi akaphwa, fumulani nkhuni n'kusiya makala ochepa pansi, ena muike pamwamba pa chivundikiro monga amachitira amayi pa ukwati. Nyemba zikachoka pa mbaula, masamba alowe, pakuti amangofuna mphindi 15 kapena 20. Ikamakwana 12 koloko, sefuliya imodzi ya mpunga ilowe m'dengu muja munali nyemba, ndipo pa mafuwawo paterekedwe madzi a nsima. Nsima ya anthu ambiri imafuna mphindi 40 ndi manja amphamvu awiri osinthana pa mthiko, motero kuomola kudzachitika cha m'ma kota tu 1. Saladi ya kabichi idulidwe nthawi yomweyo ya nsima, pa thabwa ndi mpeni zimene sizinakhudze nyama yaiwisi.

Pogawa, musalole anthu 30 kulowa m'khitchini. Ana apatsidwe mandasi, mango ndi thobwa akangobwera kutchalitchi kuti asazungulire pamoto, ndipo pa nthawi ya nkhomaliro agawiridwe m'mbale zawo pamkeka wawo. Apongozi ndi akuluakulu ena muwapatulire choyamba m'mbale zovundikira, osaiwala kuti nthutumba ikhale m'mbale ya apongozi aamuna, popeza ikasowa akuluakulu amati nkhuku sinaperekedwe yonse. Ntchito muigawiretu pa 24 mwa kutchula dzina la munthu ndi mphika wake, wina wa mpunga, wina wa ndiwo, wina wa madzi ndi mbale, ndipo musaope kupempha alamu anu ndi azichemwali anu, chifukwa kwathu kuno mkazi wofika pakhomo pa m'bale wake n'kuuzidwa kuti angokhala pampando amadziona ngati wasalidwa.

Funso

Azakhali, ine ndimakhala kumudzi kufupi ndi Kapiri ku Mchinji ndipo tilibe firiji. Tikufuna kupha mbuzi yathu pa Khrisimasi, koma amuna anga akuti iphedwe pa 24 madzulo kuti pa 25 tisadzapanikizike. Kodi nyama singaonongeke?

Mayi wa ku Mchinji

Yankho

Mayi, maganizo a bambowo ndi omveka, koma m'nyengo ino ya chinyezi ndi ntchentche nyama yaiwisi yogona usiku wonse popanda firiji imayamba kuonongeka ngakhale fungo lisanamveke. Ine ndingakonde kuti mbuziyo iphedwe pa 25 mbandakucha, tambala woyamba akangolira, mipeni, chingwe, madzi ndi masamba a nthochi oyalapo nyama zitakonzedweratu madzulo. Amuna awiri odziwa ntchito amatha kusenda ndi kudula mbuzi mu ola limodzi, ndipo nyama yoterekedwa 6 koloko imakhala itafewa kale pofika 9 koloko. Ngati pali chifukwa chachikulu choti iphedwe pa 24, zam'kati monga chiwindi ndi matumbo ziphikidwe n'kudyedwa usiku womwewo, ndipo nyama yotsalayo muilenge m'zidutswa zopyapyala, muithire mchere n'kuiwamba pamwamba pa moto wa makala mpaka iume kunja, ikhale pa utsi usiku wonse pamalo poti agalu ndi amphaka sangafike, kenako mmawa muiwiritse mokwanira. Ngati muli ndi chigafa chimene fodya sanalowemo, sesanimo n'kuyala mikeka kuti alendo adzabisale mvula, koma moto usasonkhedwe pansi pa denga la udzu limenelo. Mpunga ndi nyama zotsala masana muziwiritsenso mpaka zitenthe kwambiri musanadye madzulo, ndipo mpunga umene watsala pamtunda usiku wonse musawapatse ana mmawa wa pa 26.