Mfuti yokankha paphewa ndi iti, ya pisitoni kapena inayo?

Eee mphwanga, ndamva funso lako lija, loti pakati pa mfuti ya pisitoni ndi ija amati direct impingement (ija mpweya wa onga umakankha wokha chitsulo chamkati mwa mfuti), yomwe imakankha kwambiri paphewa ndi iti. Ndingolankhula, kulemba ndi manja ozizirawa ayi.

Choyamba, usayerekeze AK-47, ya pisitoni, ndi M16, ya direct impingement, ngati mmene amachitira anyamata a pa YouTube aja. Zipolopolo zake nzosiyana. Cha AK, cha 7.62x39, chimalemera pafupifupi magalamu 8, pomwe cha 5.56 cha M16 ndi magalamu 4 basi. Ndiye AK ikakugunda paphewa, mlandu waukulu ndi wa chipolopolo, osati pisitoni. Kukankha kwenikweni kumachokera ku kulemera kwa chipolopolo, kuchuluka kwa onga ndi kulemera kwa mfutiyo.

Tsono mvetsera. Mfuti zonse ziwirizi zimaba mpweya wotentha pang'ono pakabowo ka pampaipi, kuti ukankhe chitsulo chamkati chitulutse chikhungwa ndi kulowetsa chipolopolo china. Mu M16 ndi M4, zimene zinachokera kwa Eugene Stoner wa ku ArmaLite cha m'ma 1950, mpweyawo umadutsa m'kapaipi kowonda mpaka kukalowa m'chitsulo chenichenicho. Zonse zimayenda mzere umodzi ndi mpaipi, kulunjika paphewa pako, sipuling'i ili m'thako la mfutimo. Nchifukwa chake imakankha mofewa, kukamwa kwake sikudumpha kwambiri, chipolopolo chachiwiri chimagwera pafupi ndi choyamba.

Ya pisitoni ndi nkhani ina. Mu AK ya Kalashnikov, pisitoni ndi yolumikizana ndi chitsulo chija, chinthu cholemera ndithu, ndipo chili pamwamba pa mpaipi. Chimapita m'mbuyo phwaa, kenaka kubwerera kutsogolo gwaa, umamva kugunda kuwiri m'manja. R4 ndi R5 zimene umawaona nazo asilikali ndi apolisi kuno ku South Africa zimayenda chomwecho, poti zinachokera ku Galil ya ku Israel. Koma taona, R4 imalemera makilogalamu opitirira 4 ndipo imawombera 5.56, ndiye paphewa siipweteka nkomwe. Imangogwedezeka. M4 siifika bwino makilogalamu 3.

Kuyerekeza koona ndi M4 ndi HK416 ya ku Germany, ija asilikali a France anasankha m'malo mwa mfuti yawo yakale ya FAMAS. Chipolopolo chimodzimodzi, maonekedwe ofanana, koma HK416 ili ndi kapisitoni kamene kamangomenya kamodzi nkubwerera. Kwa ine kukankha kwake nkwakuthwa pang'ono, ndipo kutsogolo imalemererapo. Koma kusiyanako nkochepa, mwana iwe, munthu woyamba kumene sangakuzindikire. Kagwiridwe kako ndi mmene waimira zimasintha zambiri kuposa pamenepo.

Pomwe pisitoni imapambana ndi paukhondo. Ya Stoner ija imalavulira utsi mkati mwake momwe, ukaitsegula mwaye uli bii ngati kunsi kwa poto wa pankhuni, chitsulo chili chotentha, ndiye imafuna oyilo ndi kupukuta pafupipafupi. Ukaikanso chochepetsa phokoso chija, utsi wina umabwerera kumaso, misozi mbwee.

Alongo anga, ndakuonani mwatumiza kankhope kodabwa pafoni. Musade nkhawa, mwana wanuyu akungofunsa za m'magemu ake a pafoni, mfuti yeniyeni sanaikhudzepo.