Musanasaine fomu yosiya makosi awiriwo, werengerani kaye ngongole ya ku VA

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mmodzi wa owerenga athu, Mmalawi amene anagwira ntchito ya usilikali ku America ndipo tsopano akuphunzira pa koleji ina ku Indiana ndi thandizo la boma lolipirira maphunziro a asilikali lotchedwa Post-9/11 GI Bill. Akuti teremu ino analembetsa makosi anayi a ma credit (mlingo woyezera kukula kwa kosi) atatuatatu, onse pamodzi 12, koma abwana awo anawasamutsira ku shifiti ya usiku ndipo makosi awiri akuwakanika. Akufuna kuwasiya awiriwo kuti alandire W (giredi ya wosiya kosi) m'malo mwa F (giredi ya wolephera). Anawonjezera kuti chaka chatha anasiyapo kosi imodzi pakati pa teremu ndipo palibe amene anawalipiritsa kanthu, choncho akufunsa ngati pali choopsa chilichonse.

Achimwene, choopsa chilipo, ndipo chagona pa mawu anu omalizawo. Lamulo la VA, unduna woona za asilikali opuma, ndi lakuti boma silipira kosi imene yathera pa giredi yosalowa m'chiwerengero cha GPA (avereji ya magiredi onse a wophunzira), ndipo W ndi giredi yotero. Munthu akasiya kosi nthawi yosinthira makosi itatha, VA imabwerera mpaka tsiku loyamba la teremu n'kuwerengera ngati kosiyo sanaitenge n'komwe, pokhapokha pakhale zifukwa zomveka zimene iwo amazitcha mitigating circumstances. Pali chifundo chimodzi chokha chimene amapereka osafunsa chifukwa: ulendo woyamba kusiya, amakhululuka mpaka ma credit 6, ndipo munthu amasunga ndalama zimene analandira kufikira tsiku losiyalo. Chifundochi ndi cha kamodzi basi, ndipo chimatha chonse ngakhale mutachigwiritsa ntchito pa ma credit atatu okha. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikukhulupirira kuti ndicho chinakupulumutsani chaka chatha, kutanthauza kuti ulendo uno palibe.

Tsono tiyeni tiwerengere za ndalama ya nyumba, chifukwa ndi pamene pamapweteka kwambiri. Ndalama ya mwezi ndi mwezi imeneyi imaperekedwa kwa amene akuphunzira kupitirira theka la mlingo wa wophunzira wa nthawi zonse. Pa koleji imene ma credit 12 ndiwo mlingo wonse, kutsala ndi 9 kumangochepetsa ndalamayo kufika pa 80 peresenti, koma kutsala ndi 6 ndi theka lenileni, ndipo theka lenileni silikupatsani ngakhale senti. Tingoyerekeza kuti mumalandira madola 2,000 pamwezi ndipo mwalandira kale miyezi itatu. Mukasiya kosi imodzi popanda chifukwa chovomerezeka, ngongole ya nyumba ingakhale pafupifupi madola 1,200, koma mukasiya awiri onse ingafike pa madola 6,000, ndalama zimene munalipira kale lendi, ndipo za miyezi yotsalayo zidzaima. Gawo la ndalama ya mabuku, imene sipitirira madola 1,000 pachaka, nalonso lingabwezedwe.

Za fizi zili ndi njira yakeyake. Kuyambira mu January 2021, pamene lamulo lotchedwa Isakson and Roe linasainidwa, VA ikapeza kuti inalipira fizi yopitirira muyeso imaitanitsa ndalamazo ku sukulu osati kwa wophunzira. Ambiri akamva zimenezi mtima umakhala pansi, koma sukuluyo ikabweza ndalama ku boma imatembenukira kwa inu motsatira malamulo ake obwezera fizi, ndipo pakati pa teremu masukulu ambiri sachotsera wophunzira kanthu. Mapeto ake mumakhala ndi ngongole ziwiri, ina ku VA ina ku ofesi ya zachuma ya koleji, ndipo yachiwiriyi ingakuletseni kulembetsa teremu yotsatira. Si inu nokha amene mungagwe m'dzenje limeneli: ofesi yolondoloza chuma cha boma, GAO, inapeza kuti m'chaka cha boma cha 2014 VA inalipira mopitirira muyeso ndi madola 416 miliyoni pa thandizoli, ndipo zinakhudza pafupifupi wophunzira mmodzi mwa anayi alionse.

Komabe m'kalata yanu muli chinthu chimene chingakuthandizeni, ndipo ndikuona kuti simunachilabadire. Pakati pa zifukwa zimene VA imavomereza pali matenda a wophunzira, matenda kapena imfa ya wachibale wapafupi, kuitanidwanso ku usilikali mosayembekezera, kusowa mwadzidzidzi wolera ana, komanso kusintha kwa kagwiridwe ka ntchito kumene munthu sakanatha kukupewa. Ngati shifiti ya usikuyo simunaipemphe nokha, pemphani kalata kwa abwana anu yonena tsiku limene anakusinthani ndiponso kuti simunapatsidwe mwayi wosankha. VA ndiyo imagamula, ndipo sindingakulonjezeni kuti ivomera, koma ikavomera imakulipirani kufikira tsiku losiyalo m'malo mobwerera kuchiyambi.

Pali mfundo ina imene ndimavutika kuinena, popeza sindifuna kulimbikitsa munthu kulephera, koma ndi yoona: VA imalipira kosi imene mwapeza F bola ngati munapitabe m'kalasi mpaka mapeto, ndipo ingalipirenso mukamaibwereza ngati ili yofunika pa digiri yanu. F imagwetsa GPA, ingakuikeni pa chenjezo la sukulu, ndipo imadya nthawi pa miyezi 36 imene munapatsidwa, koma sibala ngongole. Choipa kuposa zonse ndi kungoleka kupita m'kalasi mwakachetechete, chifukwa sukulu ingauze VA tsiku limene munaonekera komaliza, n'kupezeka kuti F mwalandira, ngongole mwalandiranso. Ngati mumalandiranso Pell Grant, thandizo lina la boma la ophunzira ochepekedwa, funsani ku ofesi ya thandizo la ndalama, chifukwa kumeneko amawerengera makosi amene mwamaliza poyerekeza ndi amene munayamba, ndipo ma W akachuluka thandizolo limaima.

Ine ndikanakhala inu, ndikanapita mawa lomwe kwa School Certifying Official wa pa koleji yanu, amene ndiye amatumiza malipoti anu ku VA, fomu ili yosasaina, pakuti safunsa anadya phula. Mufunseni ngati chikhululuko cha ma credit 6 chija chinagwiritsidwadi ntchito, ndipo akuwerengereni zotsatira za kusiya kosi imodzi ndi za kusiya awiri. Kenako kambiranani ndi aphunzitsi onse awiri kuti mudziwe kosi imene ingapulumuke; ena amalola giredi ya Incomplete kuti munthu amalize ntchito pambuyo pake, ndipo VA ili ndi thandizo lolipirira wokuphunzitsani mwapadera, mpaka madola 100 pamwezi.

Ngati ngongole yabwerabe, kalata idzachokera ku Debt Management Center ya ku St. Paul, Minnesota. Muitsegule tsiku lomwelo ndipo muone masiku amene akupatsani, chifukwa muli ndi ufulu wotsutsa, wopempha kulipira pang'onopang'ono, kapena wopempha kukhululukiridwa pogwiritsa ntchito fomu ya 5655 yofotokoza mmene chuma chanu chilili. Mukangokhala chete, VA imayamba kudula pa ndalama zanu zam'tsogolo, ndipo pambuyo pake imatumiza ngongoleyo ku Treasury, unduna wa zachuma wa ku America, umene ungatenge ngakhale ndalama za msonkho zimene boma limayenera kukubwezerani.