Musanatsitse hedi ya MGB yanu, tsukani injini kaye

Achimwene, mwati galimoto yanu ya MGB ya 1969 ikuchucha oilo kumbuyo kwa injini, pomwe hedi imakumana ndi buloko, ndipo makaniko wakuuzani kuti mugule gasiketi ya hedi. Ine ndikuti musathamangire. Pa injini ya B-series ya 1798cc imeneyi, oilo wooneka pamenepo kawirikawiri amachokera pamwamba, pa gasiketi ya cork ya chivundikiro cha ma rocker (tizitsulo totsegula mavavu pamwamba pa hedi), n'kutsetsereka mpaka kudikha pamzere wa hedi. Ambiri amamanga chivundikirocho mopyola muyeso mpaka m'mphepete mwake kupindika, ndiye cork sagwiranso. Onaninso tizivundikiro tiwiri ta m'mbali mwa buloko, kumanzere kunsi kwa makabuleta, ndi paipi yopumira injini imene imachoka pa kakutsogoloko. Paipi imeneyi ikatsekeka, mpweya umadzaza m'kati n'kukankhira oilo paliponse pofooka.

Tsukani injini ndi palafini, iume gwaa, muwazepo paudala wa ana mozungulira hedi yonse. Ilizeni mpaka itenthe, kenako suzumirani kumbuyoko ndi tochi ndi kagalasi. Paudala amada poyambira kudontha penipeni. Mzere wakuda ukatsika kuchokera pamwamba, hedi ilibe mlandu.

Ukayambira pamzere wa gasiketi, makaniko wanu walasa. Oilo wopita ku ma rocker amakwera kuchokera mu buloko kudzera pa kabowo ka kumbuyo kwa hedi, ndipo pamenepo amadutsa ali ndi mphamvu ya pampu. Ngakhale zili choncho, ngati injini sikutentha mopitirira, oilo sanasanduke ngati tiyi wamkaka, ndipo mu ladiyeta simukuyandama mafuta, yesani kaye kumanganso manati a hedi. Alipo 11. Injini ili yozizira, masulani limodzi pang'ono, limangeni ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) pa 45 mpaka 50 lb ft, mupite pa lina, kuyambira pakati kumka kunja mozungulira. Kumanga mongoyerekeza ndi dzanja ndimakana kwamtuwagalu, chifukwa ma stud (mabawuti omangapo manatiwo) a zaka zoposa makumi asanu sachedwa kuthyoka.

Zikakanika, tsitsani hedi. Ma pushrod (timitengo tachitsulo tokankha ma rocker) asanu ndi atatu aja muwabaye pa katoni motsatana kuti lililonse libwerere pamalo pake. Apa ndi pofunika kudekha. Palani zotsalira za gasiketi yakale osakanda chitsulo, mutatseka mabowo ndi nsanza zoyera. Ikani lula yachitsulo yowongoka pa hedi ndi pa buloko, m'litali ndi mopingasa, muone ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mipata) ngati pali mpata. Hedi ikakhala yopindika, ipite kwa odziwa makina akaisepe pang'ono chabe, poti kusepa kwambiri kumakweza compression. Chimene ambiri amadumpha ndi ichi: zulani ma stud, mugwire ndi chala m'mphepete mwa mabowo ake pa buloko. Chitsulo chimatukuka pamenepo chifukwa chokokedwa zaka zonsezi, ndipo kakutukuka kameneka kamaletsa hedi kukhala bwino ngakhale gasiketi ikhale yatsopano. Kasalazeni mosamala.

Gasiketi gulani yabwino, ine ndimakonda ya Payen, ngakhale mudikire kuti ifike kuchokera ku UK, kwawo kwa galimotoyi. Iikeni youma, mbali yolembedwa kuti ndi yapamwamba ili m'mwamba, mutatsimikiza kuti kabowo ka oilo kagwirizana ndi ka buloko. Silikoni asayandikireko, kachidutswa kake kakatseka njira ija, ma rocker adzayenda ouma.

Mukamanga hedi, tcherani mpata wa mavavu pa 0.015 inchi injini ili yozizira. Ikayenda makilomita pafupifupi 800, manganinso manati mu dongosolo lomwe lija, mutcherenso mavavu, chifukwa gasiketi ikaphwa mipata imasintha. Mukachita za paudala zija, ikani chithunzi muno tione limodzi musanawononge ndalama.