Za funso loti mwina tonsefe tili mu kompyuta

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kuti dziko lonseli, ife tomwe, mapiri ndi nyenyezi, ndi pulogalamu chabe imene ikuyenda mu kompyuta ya zolengedwa zina zanzeru kutiposa, ndipo mwati munamva kuti Elon Musk, mkulu wa kampani ya Tesla, amakhulupirira zimenezi. Ndaona ena akukusekani, ena akuti mukapemphereredwe. Ine funsoli sindikuliona lachibwana, chifukwa anthu ophunzira kwambiri akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 20. Koma yankho langa ndi lakuti palibe chifukwa chokwanira chokhulupirira zimenezi, ndipo ndikufuna ndikuonetseni pamene mfundoyi imatsimphina.

Amene anaiyala bwino nkhaniyi ndi Nick Bostrom, katswiri wa filosofi wa ku Sweden yemwe panthawiyo anali ku yunivesite ya Oxford. Mu 2003 analemba nkhani imene ambiri amaitchula osaiwerenga. Iye sananene kuti tili mu kompyuta. Ananena kuti pa zinthu zitatu, chimodzi chiyenera kukhala choona. Mwina mitundu ya zolengedwa zanzeru ngati ife imatha psiti isanafike pa luso lopanga makompyuta amphamvu chotero. Mwina imafikapo koma sifuna kupanga maiko oyerekezera okhala ndi anthu onga makolo awo. Zikapanda kukhala ziwirizo, ndiye kuti maiko a mu kompyuta ndi ochuluka kwambiri kuposa dziko lenileni, anthu a mkati mwake ndi ochuluka kuposa anthu enieni, ndipo inu mukadzifunsa kuti muli m'gulu liti, masamu akuti muli m'gulu lalikululo. Nkhani yonse yagona pa kuwerenga mitu ya anthu basi.

Musk anangoitola mfundoyi n'kuithira mchere. Mu 2016 anati taonani gemu ya Pong, ya m'ma 1970, inali timizere tiwiri ndi kadontho, koma lero magemu akuoneka ngati zenizeni, choncho mwayi woti tili m'dziko lenileni ndi umodzi pa mabiliyoni. Mwini wake Bostrom sanafike pamenepo. Iye ananenapo kuti kwa iye mwayi woti tili mu kompyuta ndi wosafika theka.

Tsono vuto lili apa. Kuti masamu aja agwire ntchito, anthu a mu pulogalamu ayenera kukhala akumva. Sindikunena zoyenda, kulankhula kapena kuyankha mafunso, zomwe makompyuta a lero akuchita kale. Ndikunena kumva kuwawa kwa dzino, kumva fungo la mvula yoyamba, kudziwa mumtima kuti ndilipo. Bostrom anavomereza poyera kuti mfundo imeneyi wangoitenga ngati yoona, sanaitsimikize. Ndipo mpaka lero palibe amene waitsimikiza, chifukwa palibe amene akudziwa bwinobwino kuti ubongo umatulutsa bwanji kumva kumeneku. John Searle, katswiri wina wa filosofi wa ku America, anatsutsa maganizo otere mu 1980 ndi chitsanzo chosavuta. Akatswiri a zanyengo amapanga namondwe mu kompyuta kuti aone kumene alowere, koma palibe amene amanyowa m'chipindamo. Kuyerekezera chinthu ndi kwina, chinthucho ndi china. Ena amamuyankha kuti maganizo sali ngati mvula, kuti kompyuta ikawerengetsa masamu imakhala yawerengetsadi, ndiye mwina ikaganiza imakhala yaganizadi. Mkangano umenewu sunathe. Koma mfundo yoima pa mkangano wosatha singatipatse nambala ngati ya Musk ija.

Gemu ikamaoneka bwino pa sikirini, chimene chapita patsogolo ndi chithunzi chimene inu mukuona. Munthu wa mu gemuyo sakuona kanthu. Ndipo tikasiya zithunzi n'kufunsa kuti tafika pati pa kuyerekezera chamoyo chenicheni, yankho lake limaziziritsa nkhongono. Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni. Pali kanyongolotsi kena ka m'dothi, kotalika milimita imodzi, kotchedwa C. elegans, kamene kali ndi maselo otere 302 okha. Gulu la Sydney Brenner, katswiri wa zamoyo, ku Cambridge linasindikiza mapu a momwe maselo onsewo amalumikizirana mu 1986. Kuyambira 2011 pali ntchito yotchedwa OpenWorm yofuna kupanga kanyongolotsi kameneka kathunthu mu kompyuta, ndipo mpaka pano sitinakhale ndi kanyongolotsi ka mu kompyuta kochita zonse zimene kenikeni kamachita. Izi sizikutanthauza kuti sizidzatheka. Zikungoonetsa kuti kuchoka pa Pong kufika pa gemu ya mpira ya lero ndi ulendo wina, kuchoka pa gemu kufika pa munthu wakumva ndi ulendo winanso umene sitikudziwa ngati uli ndi njira.

Ku fizikisi nakonso kuli mwala. Richard Feynman, katswiri wa fizikisi wa ku America, ananena mu 1981 kuti kompyuta wamba imalemedwa msanga ikafuna kutsanzira tinthu tating'ono kwambiri monga maelekitironi, chifukwa mukaonjezera kanthu kamodzi, manambala ofunika kusunga amawirikiza kawiri. Pofika tinthu 300, manambalawo aposa maatomu onse a m'chilengedwe chimene timatha kuona. Tinthu 300 tokha, pomwe dontho limodzi la madzi lili ndi tinthu tosawerengeka.

Okhulupirira amayankha kuti opanga athu safunika kuwerengetsa zonse, amangotulutsa zimene wina akuyang'ana panthawiyo, ndipo kwawoko malamulo a chilengedwe akhoza kukhala ena, makompyuta awo akhoza kukhala opanda malire. Apa ndi pamene ine ndimasiyana nawo kwambiri. Ngati kwawoko zonse ndi zosiyana ndi kuno, ndiye kuti zimene tikudziwa za makompyuta athu sizitiuza kanthu za makompyuta awo. Komatu mfundo yonse inayambira pa kuyang'ana makompyuta athu n'kunena kuti akupita patsogolo. Simungagwiritse ntchito umboni wa m'dziko lino, kenako zikavuta n'kunena kuti dziko lino ndi lonamizira.

Alipo amene anayesa kupeza njira yoyezera. Mu 2012 akatswiri a fizikisi Silas Beane, Zohreh Davoudi ndi Martin Savage anati ngati chilengedwe chikuwerengetsedwa pa timabokosi ting'onoting'ono monga momwe akatswiri a fizikisi amachitira mu makompyuta awo, ndiye kuti tinthu tamphamvu kwambiri tochokera kuthambo tiyenera kubwera mokondera mbali zina. Ndimawalemekeza chifukwa anapereka chinthu choti chikhoza kuyezedwa. Chizindikiro cha timabokosi totere sichinapezeke. Koma ngakhale titafufuza zaka 100 osapeza kanthu, wokhulupirira adzangoti opangawo anabisa bwino. Ndi chifukwa chake Sabine Hossenfelder, katswiri wa fizikisi wa ku Germany, amakana kuti nkhaniyi ndi sayansi. Mfundo imene imagwirizana ndi chilichonse chimene chingapezeke ilibe chimene ikutiuza.

Za mavidiyo a pa TikTok oonetsa mbalame itaima m'malere, kapena kumva ngati chinthu munachionapo kale, musataye nazo nthawi. Kamera ndi ubongo zonse zimalakwitsa m'njira zodziwika.

Kukayikira kumeneku si kwa lero. Ku China, zaka zoposa 2,000 zapitazo, wanzeru wina dzina lake Zhuangzi anasimba zolota ali gulugufe, n'kudzuka osadziwa ngati ndi munthu amene analota gulugufe kapena gulugufe amene akulota munthu. René Descartes, katswiri wa filosofi wa ku France, mu 1641 anafunsa kuti bwanji ngati pali mzimu woipa umene ukundinamiza pa zonse zimene ndikuona. Kompyuta yangolowa pamalo pa loto ndi pa mzimu uja. Kwa amene amati uwu ndi umboni wa Mulungu, kapena umboni woti kulibe, ndikuona kuti sukuthandiza mbali iliyonse. Opanga pulogalamuwo angakhale zolengedwa zokhala m'dziko lawo, ndipo funso loti dziko lawolo linachokera kuti likhalabe chikhalire.

Chimene chimandipweteka ndi momwe achinyamata ena akuigwiritsira ntchito nkhaniyi. Amatchula anzawo kuti ma NPC, anthu a mu gemu opanda mtima amene anangoikidwa kuti adzaze malo, ndipo amatero kwa mlonda wa pa geti kapena mayi wogulitsa tomato. Zimenezi zikutsutsana ndi mfundo yomwe akuti akuitsatira. David Chalmers, katswiri wa filosofi wa ku Australia amene amaona kuti n'zotheka ndithu kuti tili mu kompyuta, analemba mu 2022 kuti ngakhale zitakhala choncho, mitengo, matupi ndi zowawa zathu zikhalabe zenizeni, kungoti pansi pake pali china chimene sitinkachidziwa. Ndipo masamu a Bostrom amayenda pokhapokha anthu a mu pulogalamu aja akuwerengedwa ngati akumva, aliyense payekha. Mukawachotsa n'kunena kuti ndi zidole, gulu lalikulu lija latha, ndipo chifukwa choganizira kuti inuyo muli mu kompyuta chapita nalo limodzi.