Merlot wa ku Stellenbosch: mbuzi inde, chambo ayi

Mayi wina wa ku Mangochi wanditumizira imelo. Akuti achimwene awo amene amagwira ntchito ku Joni anawabweretsera mabotolo awiri a vinyo wofiira, wa mphesa zotchedwa merlot, wa ku Stellenbosch ku South Africa. Loyamba analitsegula Loweruka masana akudya chambo chootcha, koma kukhosi kunangoti phee kutentha, m'kamwa muli ngati anyambita ndalama yachitsulo. "Kodi vinyoyu ndi woonongeka, kapena lilime langa ndi lachimidzimidzi? Nanga botolo latsalali ndimwere chakudya chanji?"

Mayi, lilime lanu lilibe mlandu, ndipo achimwene anu sanakupusitseni. Ngati pabotolopo palembedwa W.O. Stellenbosch, ndiye kuti mphesa zonse zinachokera kudera limenelo, malinga ndi lamulo limene dziko la South Africa linakhazikitsa mu 1973. Olakwa ndi awiri: dzuwa la kwanuko ndi chambocho.

Mwina munamvapo kuti vinyo wofiira salowa mufiriji. Amene anayambitsa mawu amenewa ndi a ku Ulaya, kumene m'nyumba mumazizira. Merlot amakoma ali pa madigiri 15 mpaka 18, pomwe botolo losiyidwa pakabati ku Mangochi mwezi wa Okutobala limafika pa 30. Vinyo wa ku South Africa wotereyu ukali wake umakhala cha pa 14 peresenti, ndiye akafunda, chimene chimatsogola ndi ukaliwo, fungo la zipatso n'kubisala. Liikeni botololo mufiriji pafupifupi ola limodzi. Magetsi akakhala atazima, ndowa ya madzi ndi ayezi wa kwa ogulitsa nsomba imagwira ntchitoyo m'mphindi 20.

Mukatsegula musadzazitse tambula. Thirani pang'ono, zunguzani, kenako lowetsani mphuno. Ine ndimamva nthudza zakupsa bwino, zofinyafinya zija, nthawi zina ndi kafungo ka chokoleti ngati vinyoyo anakhalitsa mumgolo wamatabwa. Mukamwa, musafulumire kumeza. Mumva nkhama zikuuma ngati mwadya jambula wosapsetsa kapena mwamwa tiyi wamasamba ambiri wopanda mkaka. Khambi limeneli limachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa. La merlot ndi lofatsa poyerekeza ndi la mphesa ina yotchedwa cabernet sauvignon, n'chifukwa chake ku Bordeaux, ku France kumene merlot inachokera, amasakaniza awiriwa kuti wina afewetse mnzake. Dzina la merlot akuti linachokera ku mbalame yakuda yotchedwa merle.

Tsono vinyo wofiirayu ndi amene anayambana ndi chambo chanu. Nyama ya chambo ndi yofewa, yosakhala ndi mafuta ambiri, ndipo ikakumana ndi vinyo wofiira fungo la nsomba limakwera, kutuluka kachitsulo kaja. Usipa wouma ndiye musayese n'komwe. Ndinayesapo tsiku lina ku Malindi, mpaka ndinachita kutsuka m'kamwa ndi madzi a mandimu.

Botolo lachiwirili lisungireni mbuzi. Mafuta a nyama amagwira khambi lija, vinyo n'kuyamba kutsekemera mwa zipatso, nayenso n'kutsuka mafutawo pa lilime kuti nthuli yotsatira ikome ngati yoyamba. Kanyenya wapamakala wothira mchere wokha amayenda naye bwino, koma kwa ine palibe choposa mbuzi yophika pamoto wochepa, tomato ndi anyezi zitasungunukiramo, pambali pali nsima yotentha. Nkhuku ya lokolo nayo ndi momwemo. Nthawi ya dzinja yesani bowa. Ngakhale nyemba zofiira zapsa mpaka kuphwanyika sizimuchititsa manyazi.

Chenjerani ndi tsabola wa kambuzi. Tsabola ndi mowa zimasonkhezerana moto, ndiye mukathira wambiri mubwerera kukhosi kotentha kuja. Ngati mtima uli pa nsomba basi, kampango wowamba wophikidwa mu tomato amapirirako chifukwa cha mafuta ndi utsi, bola vinyoyo akhale wozizira.

Kwanuko anansi ambiri ndi Asilamu, ndiye musanaike botolo patebulo dziwani kaye amene mwawaitana, ndipo musathire vinyo mumphika wa nyama imene onse adye. Vinyo akatsala, tsekani ndi chitsekerero chake, mufiriji akhala masiku atatu. Za chambo, auzeni achimwene kuti pobwera pa Khirisimasi adzanyamule chenin blanc, vinyo woyera.